Mkangano wa Vina ndi Mizani: Zimene Tingaphunzire kwa Alakatuli a Chiswahili

Pali funso limene silikalamba pakati pa anthu olemba ndakatulo, ndilo lakuti: kodi ndakatulo yabwino imafuna chiyani? Ena amati imafuna malamulo, ndiye kuti mizere yolingana kutalika ndi mathero omveka mofanana. Ena amati malamulo ndi goli, mlakatuli angotsata kumene mtima wake ukumtengera. Ife pano timakangana za zimenezi kawirikawiri, ndipo timakangana ngati kuti ndife oyamba kuziganiza. Sindife oyamba ai. Anansi athu a ku Tanzania ndi ku Kenya analimbana ndi funso lomweli kuyambira cha m'ma 1970 mpaka m'ma 1980, m'manyuzipepala, m'mabuku ndi m'makalasi a pa yunivesite, ndipo anakangana m'chinenero chimene ndi chibale cha Chichewa chathu. M'nkhani ino ndifuna kulongosola mbiri ya mkangano umenewo, kenaka ndinene zimene ine ndatolapo.

Tiyambire m'mbali mwa nyanja ya mchere. Aswahili anayamba kulemba ndakatulo Azungu asanafike ndi sukulu zao, ndipo ankalemba m'malembo a Chiarabu. Imodzi mwa ndakatulo zakale kwambiri zimene zinasungika ndi Utendi wa Tambuka, yolembedwa pa chisumbu cha Pate m'chaka cha 1728, imene imasimba za nkhondo za Asilamu oyamba ndi ufumu wa Byzantium. Utendi, kapena kuti utenzi, ndi ndakatulo yaitali yosimba nkhani kapena yopereka malangizo. Ndime yake imakhala ndi mizere inai yaifupi, mzere uliwonse wa maphatikizo 8. Mizere itatu yoyamba imathera pa phatikizo lofanana, koma wachinai umathera pa phatikizo lina limene silisintha kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ngakhale ndimezo zikhale mazanamazana. M'chaka cha 1858 mai wina, Mwana Kupona, ali chidwalire, analemba utenzi wa ndime pafupifupi 100 wolangiza mwana wake wamkazi, ndipo utenziwo unatchuka kwambiri m'chigawo chonsecho.

Mtundu wina wa ndakatulo ndi shairi, ndipo amene anaukuza ndi Muyaka bin Haji wa ku Mombasa, amene anakhala ndi moyo cha pakati pa 1776 ndi 1840. Ndakatulo zambiri zolembedwa iye asanatchuke zinali za chipembedzo. Muyaka analakatula za chikondi, za chuma ndi umphawi, za abwenzi achinyengo, ndiponso za kulimbana kwa mafumu a banja la Mazrui ndi Seyyid Said wa ku Oman, amene analanda Mombasa mu 1837. Ndiye chifukwa chake akatswiri amati Muyaka anaitulutsa ndakatulo mumzikiti naipititsa kumsika.

Kamangidwe ka shairi nkotere. Ndime imakhala ndi mizere inai. Mzere uliwonse umakhala ndi maphatikizo 16, ndipo umapumira pakati, 8 uku ndi 8 uko. Kuwerenga maphatikizo kumeneku ndiko amati mizani, mau ochokera ku Chiarabu otanthauza sikelo. Tsono phatikizo lotsiriza la theka loyamba liyenera kufanana mzere ndi mzere, ndipo phatikizo lotsiriza la mzere wonse nalonso chimodzimodzi. Mathero ofananawa ndiwo amati vina. Kawirikawiri mzere wachinai umabwerezedwa m'ndime iliyonse, monga momwe ovomera amabwerezera mau amodzimodzi pa nyimbo zathu. Motero ndime imodzi ndi maphatikizo 64, osapyola ndiponso osaperewera.

Chinthu chimene tisaiwale nchakuti ndakatulozi zinali zoimba. Mizani sinali masamu a papepala, koma inkatsata nyimbo, ndipo mzere woperewera phatikizo limodzi unkamkhumudwitsa woimba monga mwala panjira. Mlakatuli ankaphunzira pomvera akulu ndi poloweza ndakatulo zao kwa zaka zambiri. Panalinso mwambo woyankhana: wina akalakatula funso, mkuluwiko kapena chipongwe, mnzake ankayankha ndi ndakatulo, ndipo anthu omvera ndiwo ankaweruza. Mwambo umenewu unalowa m'manyuzipepala. Nyuzipepala ya Mambo Leo, imene boma la Tanganyika linayamba kusindikiza mu 1923, inkatulutsa ndakatulo za owerenga, ndipo mwa njira imeneyi shairi inachoka kugombe nilowa kumtunda, kwa anthu amene Chiswahili sichinali chinenero cha amai ao. Mlakatuli wamkulu wa nyengo imeneyo anali Shaaban Robert, wobadwa mu 1909 kufupi ndi Tanga, amene anamwalira mu 1962. Iye anali kalaliki wa boma, komabe analemba mabuku ambiri, pamodzi ndi utenzi wa ndime 3,000 wosimba za nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Anthu akumtundawa sanakule akumva shairi ikuimbidwa pakhonde, choncho anasowa wowaphunzitsa. Wowathandiza anapezeka mu 1954, pamene Kaluta Amri Abedi wa ku Ujiji, amene pambuyo pake anadzakhala meya woyamba wachiafirika wa Dar es Salaam, anatulutsa buku lotchedwa Sheria za Kutunga Mashairi na Diwani ya Amri. Mutuwo ukutanthauza malamulo opekera ndakatulo. Zimene kale zinali m'khutu la mlakatuli tsopano zinalembedwa ngati malamulo, ndipo aliyense wodziwa kuwerenga maphatikizo ndi zala akanatha kuyesa ndakatulo ya mnzake. Ndakatulo yophonya vina inkatchedwa guni, ndiye kuti yolumala. Bukuli linachita zabwino, pakuti linatsegulira khomo anthu ochuluka. Koma linabweretsanso vuto. Pofuna kukwanitsa mizani, alakatuli ankaloledwa kudula mau, kuwatalikitsa, kusintha liu lina kapena kutembenuza chiganizo, ndipo njira zimenezi zili ndi maina ake, monga inkisari, mazida ndi tabdila. M'manja mwa katswiri izi ndi zida. M'manja mwa waulesi zimasanduka pobisalira: mau osafunika amalowa mumzere chifukwa chakuti akuthera pa phatikizo lofunikalo.

Tanganyika italandira ufulu mu 1961, Chiswahili chinakwezedwa kukhala chinenero cha dziko, ndipo chikalata cha ku Arusha cha 1967 chitakhazikitsa ndale za Ujamaa, Mwalimu Julius Nyerere anapempha alakatuli kuti athandize kuzifalitsa. Mathias Mnyampala anatchukitsa mtundu wa ndakatulo wotchedwa ngonjera, m'mene anthu awiri amatsutsana m'ndime za vina ndi mizani mpaka wosadziwayo atagonja navomereza mfundo za chipani. Ana asukulu ankaloweza ngonjera ndi kuzilakatula pa zikondwerero. Monga chida chophunzitsira, ngonjera zinagwira ntchito. Koma m'ndakatulo yotere mathero amadziwika nkhani isanayambe, ndipo ndime ikhoza kukhala yopanda banga pa mizani koma osanena kanthu kamene womvera sanakamve kale pa msonkhano.

Apa ndipo panatulukira achinyamata a pa Yunivesite ya Dar es Salaam. Mmodzi wa iwo anali Euphrase Kezilahabi, wobadwa mu 1944 pa chisumbu cha Ukerewe m'nyanja ya Victoria, amene anali atadziwika kale ndi buku lake lanthano la Rosa Mistika la 1971. Enanso anali Mugyabuso Mulokozi ndi Kulikoyela Kahigi, amene anatulutsa pamodzi Mashairi ya Kisasa mu 1973 ndi Malenga wa Bara mu 1976. Mu 1974 Kezilahabi anatulutsa Kichomi, buku la ndakatulo zopanda vina ndi mizani, zolembedwa m'Chiswahili cha tsiku ndi tsiku, zokamba za imfa, umphawi, kukaikira ndi kukhumudwa kwa munthu wophunzira m'dziko limene langolandira ufulu. Mfundo za achinyamatawa zinali zitatu. Yoyamba inali yakuti mtima wa ndakatulo uli m'zithunzi zimene mau amajambula m'maganizo ndi m'kulemera kwa tanthauzo, ndipo mathero ofanana ndi chokometsera chabe. Yachiwiri inali yakuti moyo watsopano wa m'tauni, wa sukulu ndi wa ndale sungakwane wonse m'chikombole cha maphatikizo 16. Yachitatu, imene inawawa kwambiri, inali yakuti vina ndi mizani zinadza ndi Aarabu, pamene ndakatulo zapakamwa za mitundu ya kumtunda sizidalira zimenezo. Mulokozi anali ndi umboni, pakuti iye anafufuza mozama ndakatulo za ngwazi zimene Ahaya akwao amaimba ndi choimbira chotchedwa enanga.

Akuluakulu sanakhale chete. Alakatuli ndi akatswiri monga Saadani Kandoro ku Tanzania ndi Shihabuddin Chiraghdin ku Mombasa anaima kumbali ya mwambo. Iwo anati chinthu chosaimbika si shairi, ndipo ana a pa yunivesite akungotengera ndakatulo za Chingerezi zimene anaphunzira m'kalasi, nkuziveka mau a Chiswahili. Anatinso wothawa mizani amathawa chifukwa yamkanika. Ndakatulo zatsopanozo zinapatsidwa maina onyoza, monga masivina, ndiye kuti zopanda vina, pamene eni ake ankazitcha mashairi huru, ndakatulo zaufulu. Magulu awiriwa anadziwika kuti wanamapokeo, osunga zolandira kwa makolo, ndi wanamapinduzi, ofuna kugubuduza zinthu. Taonani pamene nkhani inafika: gulu lililonse linkanena linzake kuti ndi kapolo wa alendo. Achinyamata ankati akulu ndi akapolo a Aarabu, akulu ankati achinyamata ndi akapolo a Angerezi. Uku ankati tsobola wakale sawawa, uko ankati mau a akulu akoma akagonera.

Chikhala kuti mbiriyi inathera pamenepo, bwenzi ili yosavuta, ndipo ife achinyamata tikadangosankha mbali ya achinyamata anzathu. Koma pali munthu mmodzi amene amasokoneza chithunzi chonsechi. Abdilatif Abdalla anabadwira ku Mombasa mu 1946, motero anali wamng'ono kwa Kezilahabi. Mu 1968 analemba kapepala kotsutsa boma la Jomo Kenyatta kotchedwa Kenya: Twendapi? Anamangidwa, naweruzidwa mu 1969, ndipo anakhala m'ndende zaka zitatu, nthawi yambiri ali yekha m'chipinda ku Kamiti. M'menemo analemba ndakatulo pa mapepala a kuchimbudzi. Atatuluka mu 1972 anapita ku Dar es Salaam, ndipo mu 1973 ndakatulozo zinasindikizidwa m'buku lotchedwa Sauti ya Dhiki. Mu 1974 bukulo linalandira mphotho yotchedwa ndi dzina la Kenyatta yemweyo amene boma lake linammanga. Tsono ndakatulo za mnyamata woukirayu zimatsata vina ndi mizani mosaphonya, ndipo zili m'Kimvita, Chiswahili chakuya cha ku Mombasa. Ina mwa izo ndi mkangano wa abale awiri: wina wakwera mtengo wa kokonati wa onse nakhazikika pamwamba, winayo ali pansi akumuuza kuti atsike. Palibe dzina la mtsogoleri limene latchulidwa, koma Mkenya aliyense ankadziwa amene ali mumtengomo. Apa malamulo akale sanamange mlakatuli pakamwa. Anamthandiza kunena zoopsa mwa mkuluwiko, ndiponso anathandiza kuti mauwo alowezeke.

Mkanganowo sunathe ndi chigamulo. Unangozilala. Kezilahabi anapitiriza njira yake mu Karibu Ndani ya 1988 ndi Dhifa ya 2008, mpaka anamwalira mu 2020. Ku Kenya alakatuli monga Kithaka wa Mberia ndi Alamin Mazrui analemba ndakatulo zaufulu, ndipo Said Ahmed Mohamed wa ku Zanzibar analemba za mitundu yonse iwiri. Lero ana a sukulu za sekondale ku Kenya ndi ku Tanzania amaphunzira mitundu yonse iwiri. Ndakatulo zambirimbiri zimene zinalembedwa pofuna kungoonetsa kuti mbali yakutiyakuti ndiyo yolondola zinaiwalika, koma Sauti ya Dhiki ndi Kichomi zikuwerengedwabe.

Mabuku awiriwa ndi oyenera kuwaika pamodzi. Anatuluka motsatana, 1973 ndi 1974, kuchokera ku misasa iwiri yotsutsana, koma mitu yao ikunena chinthu chimodzi. Sauti ya Dhiki ndiye kuti liu la masautso. Kichomi ndi ululu wobaya m'nthiti, ngati wa chibayo. Alakatuli onse awiri anali ndi chinthu chowabaya chimene sakanatha kuchisunga. Ichi ndicho choyamba chimene ine ndatola m'mbiriyi. Funso lakuti "ndilembe motani?" limabwera pambuyo pa funso lakuti "ndili ndi chiyani choti ndinene, chimene sindinachibwereke?" Ndakatulo zambiri zofooka zimene timawerengerana zimafooka pamenepa. Zimanena kuti imfa njoipa, chikondi nchokoma, maphunziro ngofunika, ndipo zonsezi nzoona, koma mlakatuli sanaone imfa ya munthu mmodzi, ndi mkeka wake, ndi mbale ya phala imene inatsala osadyedwa. Sindikunena kuti munthu ayambe wamangidwa kuti alembe bwino. Ndikunena kuti ayambe wapenyetsetsa. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Chachiwiri chikukhudza chinenero chathu. M'Chichewa, monga m'Chiswahili, mau amathera pa lembo la liu, ndipo malembo a liu alipo 5 okha. Aneni athu ambiri amathera pa "a". Amene akufuna mathero ofanana sangasowe: kupita, kuchita, kukhuta, kukuta, ndipo akhoza kudzaza tsamba asanaganize kanthu. M'Chingerezi mau omveka mofanana kumathero ngosowa, motero wowapeza amakhala atakhetsa thukuta. Kwa ife ngotsika mtengo ngati mango a mu Disembala. Choncho mathero ofanana paokha sangakhale umboni wa luso. Komanso kuswa chiganizo wamba m'mizere itatu yaifupi si umboni wa luso. Akulu a ku Mombasa ananena zoona pa mfundo imodzi: ambiri othawa mizani amathawa ntchito. Kezilahabi sanali wotero, pakuti iye atataya vina anaika m'malo mwake zithunzi zolimba ndi mizere yoduka pamalo oganiziridwa bwino. Amene wachotsa mzati umodzi wa nyumba ayenera kuimika wina, apo ai denga ligwa.

Nanga mizati yathu ife ndi iti? Mfundo ya Mulokozi ikutikhudza. Nyimbo za pamtondo, za pamaliro, za gule ndi zotonthoza mwana sizidalira mathero ofanana. Zimadalira kubwereza, mizere iwiri yoyenda mofanana koma yosiyana liu limodzi, woyambitsa ndi ovomera, mikuluwiko, ndiponso mvekero monga zii, mbuu, psuu ndi balala. Komatu nyimbo zimenezi sizopanda lamulo. Mai wosinja sangaimbe mzere wosagwirizana ndi kugunda kwa munsi, pakuti mnzake wosinja naye amtchola dzanja. Tilinso ndi chuma chimene Chiswahili chilibe, ndicho kukwera ndi kutsika kwa liu. Mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa pamsika zimalembedwa chimodzimodzi, koma khutu limazisiyanitsa. Mlakatuli wa Chichewa amene sawerenga ndakatulo yake mokweza ali ngati wosema ng'oma amene sanaiombepo. Ndakatulo zosindikizidwa m'chinenero chathu nzaposachedwa poyerekeza ndi za Aswahili: buku la E. J. Chadza la Ntchito ya Pakamwa linatuluka mu 1963, patapita zaka 235 chilembedwere Utendi wa Tambuka. Tilibe Amri Abedi wotiuza kuti ichi ndi guni. Umenewu ndi mwai, komanso ndi katundu, chifukwa aliyense ayenera kudzipezera sikelo yake m'khutu, ndipo khutu limaphunzira pomvera agogo ndi powerenga anzathu, osati pongodikira mzimu kuti utsike.

Chachitatu ndi kudziwa mau. Abdalla anatha kuyenda momasuka m'kati mwa malamulo othina chifukwa nkhokwe yake ya Kimvita inali yodzaza. Pamene wina akadakakamiza liu lolakwika kuti vina zikwane, iye anali ndi mau ambiri oti asankhepo. Ife ambiri timaganiza m'Chingerezi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndiye usiku nkumafuna kulakatula m'Chichewa chimene tinachisiya ku pulaimale. Kodi tikudziwa maina a mitengo ingati, mbalame zingati, mitundu ingati ya mvula? Tikutha kusiyanitsa kulira, kusisima, kubuula ndi kudandaula? Mlakatuli wosauka mau amalemba "zinthu" ndi "kwambiri" m'ndime iliyonse, kaya akhale wa vina kaya waufulu.

Chachinai ndi chimene Aswahili anali nacho kuyambira masiku a Muyaka: woyankha. Ndakatulo yao sinkathera m'kabati. Inkaimbidwa pagulu, kapena kusindikizidwa m'nyuzipepala, ndipo mlakatuli ankadziwa kuti wina aiyesa pa sikelo ndi kumuyankha. Ngakhale mkangano wa vina ndi mizani womwewo, ndi ukali wake wonse, unapindulitsa mbali zonse ziwiri. Achinyamata anakakamizika kufufuza ndakatulo zapakamwa za kwao kuti atsimikize mfundo zao, ndipo osunga mwambo anakakamizika kufotokoza chifukwa chimene malamulo ao alili ofunika, m'malo mongoti ndi m'mene tinapezera. Mutu umodzi susenza denga. Mnzathu akatiuza kuti ndime yachitatu njosafunika, watichitira chifundo choposa cha amene angoomba m'manja. Ndipo aphunzitsi athu akamayesa ndakatulo zathu, ndipempha kuti asamayambe ndi kufunsa kuti ili mbali iti, koma afunse ngati liu lililonse likugwira ntchito pamene laikidwapo.

Pomaliza ndili ndi pempho kwa anzanga a mbali zonse ziwiri. Inu okonda ndakatulo zaufulu, tayesani kamodzi kulemba ndime zitatu za mizere ya maphatikizo 16, yopumira pakati, popanda kulowetsa liu ngakhale limodzi longodzazira malo. Mudzaona kuchuluka kwa mau aulesi amene mumawalekerera. Inu okonda mathero ofanana, tengani ndakatulo yanu imene mumainyadira, muchotse mathero onsewo, ndipo muone ngati chotsalacho chikuimabe chilili. Tikatero tibweretse zonse ziwiri, tiziwerenge mokweza, anzathu atiuze. Amene akuona kuti mbiriyi ndaipotoza, kapena kuti ndakondera mbali imodzi, andiyankhe m'kope likudzali, ndipo akayankha ndi ndakatulo ndidzakondwa koposa.